Usaikepo Khadi Lako, Zione

Zione mwana wanga,

Ndakhala pakhonde pano ndi cholembera cha bambo ako, koma pansi sipakukhalika. Ndalemba mzere umodzi, ndanyamuka kukagwira zovala zako pachingwe ngati zauma. Ndabwerera, ndanyamukanso kukapirikitsa mbuzi zimene sizimadya kanthu. Iwe uli ku Lunzu kokalukitsa tsitsi. Bambo ako apita kukapangana ndi mwini galimoto yotinyamula mawa, chonsecho kubwalo la ndege tikhoza kufikako wapansi thukuta lisanatuluke. Ndege ya masana yangodutsa kumene, malata anjenjemera monga mwa masiku onse, koma lero ndinatuluka kukaiyang'ana ngati mlendo wobwera dzulo ku Chileka. Zaka zonsezi ndege zakhala zikutisokosera, sindinaganizepo kuti ina idzanditengera mwana kupita naye ku Ulaya.

Dzulo ndikusankha nyemba unandifunsa funso. Unati, "Amayi, umembala uja wa pafoni ukutha sabata yamawa. Ndiikepo khadi langa la kubanki kuti uzingodzilipira wokha mwezi ndi mwezi, inu musamavutike?" Ine ndinangoti nkhuku zalowa m'khitchini n'kuthawa, pomwe m'khitchinimo munalibe nkhuku. Pakamwa panga umapadziwa, makondakitala a minibasi amandiopa kuchokera pa Kameza mpaka ku Lirangwe. Koma nkhani iyi imandikanika kuinena. Ndiye ndikuyankha papepala, ndipo ndiliika m'kachikwama kako kam'manja kuti uwerenge uli m'mwamba, poti kumeneko sungandidule mawu. Yankho langa ndi lakuti ayi. Usaikepo khadi lako.

Ndikudziwa kuti wafunsa ndi mtima wabwino. Umembala umenewu anatilowetsa ndi malemu mchimwene wako Limbani, atangopeza ntchito yowotcherera zitsulo ku Joni. Ndi wa kampani ina ya pa intaneti, yoti munthu mmodzi akalipira, apabanja pake onse amadyerera nawo. Limbani anatiwerengera zabwino zake pafoni ngati mlaliki: mafilimu, nyimbo zosadukizidwa ndi otsatsa malonda, malo osungira zithunzi, kuchotseredwa mtengo m'masitolo, kukubweretsera katundu pakhomo ulere, ndi zina zimene mutu wangawu unataya. Iye atatisiya, zinazima kwa kanthawi, kenaka iwe utafika kukoleji unaziyatsanso ndi timaganyu tako, kulipiriratu chaka chathunthu. Sindinakuletse, chifukwa ndinaona kuti ndi mmene ukulirira mchimwene wako. Koma tsopano nawe ukuchoka, ndiye nkhani yasintha.

Ndiyambe ndi ndowa yofiira ija imene nkhuku zimaikiramo mazira kuseri kwa khitchini. Sunafunsepo kumene inachokera. Chaka chimene ndinakwatiwa, tisanasamukire kuno, tinkalima kwathu ku Lirangwe. Bambo ako anandituma kusitolo kukagula mbewu ya chimanga yocha msanga, poti mvula ya ku Lirangwe imatsanzika anthu asanamalize kuilonjera. M'sitolomo ndinapeza mbewu ina yokhala ndi mphatso: ukagula, akupatsa ndowa ndi chipewa. Wogulitsayo sanandinamize ayi. Anandiuza poyera kuti, "Mayi, iyi ndi yochedwa, imafuna kumalo a mvula ngati ku Thyolo." Khutu linamva, koma diso linali pa ndowa. Chimanga chija chinakula bwino zedi, chobiriwira, chotalika kuposa bambo ako, anthu odutsa m'njira kumaima n'kumachiyamikira. Mvula inadula chitangotulutsa ngayaye. Tinakolola mapesi. Tsiku lomwe ufa unatha m'nyumba, bambo ako anandiyang'ana mwaulemu wonse n'kunena kuti, "Mayi, tatengani ndowa ija tidye." Mpaka lero ndikamva munthu akuti chakutichakuti ndi chaulere, ndimamva fungo la pulasitiki watsopano. Ukalowa pamalonda aliwonse, mwana wanga, uzidzifunsa chimene wabwerera.

Ndipo usaiwale kuti amene akukuuza izi ndi wogulitsa. Tomato amene wakuphunzitsa sukulu ndamugulitsa pamsewu ku Lirangwe kuyambira iwe uli kumsana, ndipo za banyira palibe angandiphunzitse. Banyira sindimpereka chifukwa chokonda munthu. Ndimasankha tomato wofewa, amene mawa sadzagulika, ndimuika pamwamba pa mulu ndikumwetulira. Wogula amachoka akuti mayi aja ndi abwino, sabata yamawa adutsa anzanga onse kubwera kwa ine, osaonanso ngati mulu wanga wachepa. Ena amaima galimoto akufuna anyezi yekha, amachoka ndi tomato woti sakamudya, chifukwa cha katomato kamodzi kofewa. Si kuba, ndi malonda. Ndiye a kampani aja akamandiunjikira mafilimu apa, nyimbo apa, kuchotsera mtengo apo, ine ndimangoona mayi mnzanga amene ali ndi benchi lalikulu kuposa langa. Ndimawalemekeza, amaidziwa ntchito. Koma ine sindingagule mulu chifukwa cha banyira amene ndikudziwa mmene amasankhidwira.

Tatiye tione bwinobwino, pa zonse zija n'chiyani chimene nyumba ino inadyapo. Mafilimu aja kuti uonere amafuna bandulo, ndipo amaimeza ngati nkhumba pa madeya. Filimu imodzi tinaionera theka, munthu wake atangosolola mpeni bandulo inatha, mpaka lero sitikudziwa ngati anabaya. Nyimbo bambo ako amamvera, inde, koma ndi nyimbo za kwaya zomwezo zimene wailesi imawaikira m'mawa uliwonse popanda kuwafunsa khadi. Masitolo ochotsa mtengowo ku Limbe kulibe. Zobweretsera katundu pakhomo unandiyesera wekha, unalemba kuti Chileka, kuseri kwa tchalitchi, pamtengo wa bwemba, foni inakana kuti malo amenewo kulibe. Ife tikukhala pamalo oti kulibe, Zione, ndiye atipeza bwanji ndi mphatso zawo? Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Uwu mwina nyerere mulibe, kungoti mkuyu wake unamera kutsidya, ife timangouona.

Dikira, mitambo ikuda cha kwa Kuntaja, ndikaanule zovala zako.

Ndabwera. Sinali mvula, unali utsi wa anthu otentha m'munda. Diresi lako labuluu lathothoka batani, ndisoka ndikamaliza.

Ndiye pali nkhani ya tiyi wa bambo ako, imene anatilumbiritsa tonse kuti tisadzainene, koma poti ndikulemba, sindikunena. Unali kusukulu nthawi imeneyo. Limbani anawauza pafoni kuti mamembala ali ndi chipinda chawo chodikiriramo ndege, cha mipando yawofuwofu, tiyi ndi mabisiketi zaulere. Bambo ako nkhaniyi inawalowa mumtima. Munthu wakhala moyo wake wonse akuyang'ana bwalo la ndege kudzera pa waya, lero amve kuti m'katimo muli kapu ya dzina lake. Loweruka lina anasamba, anavala jekete ya kutchalitchi, anapukuta nsapato, foni m'thumba, uyo. Mwamwayi m'njira anakumana ndi a Gomani, aneba athu aja amene amagwira ntchito yaulonda komweko. Atawafotokozera, a Gomani akuti anakhala pansi pamsewu pomwepo chifukwa cha phwete. Anati, "Achimwene, zipinda zimenezo n'za kumabwalo akuluakulu akunja, komanso amalowa ndi amene ali ndi tikiti m'manja. Inu mukupita kuti?" Bambo ako anati, "Ine sindikupita kulikonse, ndikukamwa tiyi." Anabwerera dzuwa lili pamutu, jekete paphewa. Ndinawaphikira tiyi wa mkaka osawafunsa kanthu, ndipo anamwa akuyang'ana kukhoma. Mpaka pano ukawafunsa za umembalawu adzakuuza kuti usathe, ndipo sadzatchula chifukwa. Chifukwa chake ndi kapu imeneyo.

Zonsezi n'zoseketsa, ndipo zikanakhala zokhazi ndikanangokuuza kuti chita mmene ukuonera. Koma pali china, ndipo ndicho chandiimiritsa kangapo konse pakhonde pano.

Ukukumbuka meseji ija imene inkabwera pafoni yanga kumayambiriro kwa mwezi uliwonse? Inali ya Chingerezi, ndiye ndinkakuitana kuti undiwerengere. Unali ku sekondale yoyendera nthawi imeneyo, ukadali kamtsikana. Unkawerenga n'kunena kuti, "Akuti zikomo, mwalipira, umembala wanu ukupitirira." Ine ndinkati, "Basi, Limbani watipatsa moni." Dzinalo linakhazikika, nyumba yonse tinkaitcha moni wa Limbani. Poyamba zinalibe vuto, chifukwa moniwo ukafika, Lamulungu lake iye ankaimbanso, kutiseka, kufunsa ngati nkhumba yaswa.

Kenaka kuimba kuja kunayamba kupatuka. Kenaka kunaleka. Tikaimba ife, foni yake yozima. Bambo ako ndi amene anayamba kutekeseka. Tsiku lina tikupalira anaima n'kutsamira khasu, anati, "Make Limbani, mwanayu watha nthawi. Bwanji tifufuze nambala ya mnzake uja wa kwa Kuntaja amene anapita naye?" Madzulo ake omwewo meseji inalowa. Unatiwerengera iwe, mawu omwe aja, zikomo, mwalipira. Ine ndinati, "Mwamva? Munthu wodwala amakumbuka zolipira mafilimu? Foni amubera, ku Joni mafoni amabedwa tsiku ndi tsiku. Akagula ina aimba." Bambo ako anavomera, nawenso unavomera, ngakhale abusa titawauza anati n'zomveka. Tonse tinagona tulo. Mwezi wotsatira moni unabweranso, tinagonanso tulo. Safunsa anadya phula, ndipo ife tinalidya banja lonse, mbale imodzi.

Zotsatira zake ukuzidziwa. Mnzake uja ndi amene anatipeza, osati ife kumupeza. Limbani anadwala chifuwa nthawi yaitali, ntchito inatha, foni anagulitsa, anagona m'kachipinda kake osafuna kutidetsa nkhawa. Pomwe anzake ankamutengera kuchipatala kunali kutachedwa. Amalawi anzathu akumeneko anasonkherana, anatibweretsera mwana wathu pagalimoto, tinakamuika kwathu ku Lirangwe pafupi ndi agogo ake. Ine si dokotala, sindinganene kuti tikanafunsa msanga akanachira. Chimene ndikudziwa n'chakuti akanamva mawu a mayi ake.

Chimene sukuchidziwa ndi ichi, ndipo sindinakubisire dala, kungoti pakamwa pankakana. Maliro atatha, tsiku loyamba kubwerera pamsika, ndili kupanga milu, foni inanjenjemera m'chitenje. Chingerezi sindichitha, koma meseji ija ndinkaidziwa maonekedwe ake ngati nkhope ya munthu. Inali yomweyo. Moni wa Limbani. Ndinaimirira, benchi linapendama, tomato anagubuduka mpaka mumsewu. Zione, nkhope yake m'bokosi ndinaiona ndi maso angawa, koma kwa kanthawi kochepa ndinakhulupirira kuti taika mwana wa eni. Ndinathamangira kwa mayi uja wa kabokosi kotumizira ndalama pafoni, ndinati, "Tawerengani apa, mwana wanga walipira." Anawerenga, anandigwira dzanja n'kundikhazika pampando wake. Anati, "Pepani amayi. Izi sizifuna munthu. Khadi likangolowa kamodzi, makina amangodzitapira okha, mwini wake kaya ali moyo kaya ayi, mpaka kubankiko kuume." Ndinafunsa kuti kuyambira liti. Anati kuyambira tsiku loyamba.

Ndiye kuti moni uja sunali moni n'kamodzi komwe. Miyezi yonse ija mwana wanga akutsokomola yekha, ife tinkatonthozedwa ndi makina. Sindikuwada a kampaniwo, anachita zimene anauzidwa, sanalembe paliponse kuti mwana wanu ali bwino. Tinawerenga tokha zimene sanalembe. Kuno kwathu munthu akakutumizira kanthu ndiye kuti wakukumbuka, dzanja lake lagwira, mutu wake waganiza za iwe. Ndi mmene tinakulira, ndipo palibe anatiuza kuti kwabwera mphatso zopanda dzanja.

Tsopano wamva chifukwa chake nkhuku zinalowa m'khitchini dzulo. Utanena kuti uzingodzilipira wokha, ndinathawa. Ine ndikudzidziwa. Ngakhale ndaphunzira zonsezi, meseji ija ikadzayamba kubwera m'dzina lako, mtima wanga wopusawu udzayamba kuiwerenga ngati moni. Udzakhala chete mwezi, ine n'kumati ali bwino, si uyu walipira. Ndipo nawenso, usakane, udzakhala ndi potsamira. Tsiku lotopa, kunja kukuzizira, udzati lero ndisaimbe, komabe akuona kuti ndikuwakumbuka. Umu ndi mmene anthu abwino amatayanirana, palibe amene walakwira mnzake. Usaikepo khadi lako, Zione.

Chinthu chimodzi chokha mwa zonse zija n'chimene tinabwerera pamsika: zithunzi za Limbani ndi mawu ake aja amene ankajambula akuimba molakwitsa dala. Zimenezo sindikufuna zitayike. Wandiuza wekha kuti zikhoza kutsitsidwa. Ndiye ukangofika, sabata isanathe, utsitse zonse, usunge kwako, zina utumize kwa msuweni wako wa ku Limbe. Ndalankhula naye kale, akatsukitsa zithunzi zingapo zoti tipachike pakhoma, mawuwo aika pa memori khadi. Chinthu ndikufuna ndichigwire m'manja, ndichikulunge m'kansalu, ndichiike m'sutikesi mwanga pamodzi ndi chikalata cha ukwati. Sindikufuna kuchita lendi malo osungira mwana wanga kwa anthu amene sindingawagogodere pakhomo. Ukatero, umembalawo uusiye uzime.

Kumene ukupitako zoterezi udzazipeza zambiri, akuti kumeneko ngakhale kothamangitsira thupi amalipira pamwezi. Sindikuti uzikane zonse, mwina kumeneko katundu amafikadi pakhomo, mwina masitolo ake ali pakona. Ngati chinthu ukuchigwiritsa ntchito sabata ndi sabata, ndipo ukanachigula ngakhale pakanapanda mphatso, gula. Koma nthawi yolipiranso ikafika, khala pansi, chotsa banyira yense pambali, uyang'ane mulu wotsalawo. Ufunse kuti mwezi wathawu ndadyapo chiyani apa. Ukapeza kuti ukusunga chifukwa cha chinthu chimene udzachigwiritse tsiku lina, dziwa kuti wavala jekete ya bambo ako. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ndipo poti ndayamba kale kulankhula, amuna nawonso amabwera ndi banyira, galimoto, mafuta onunkhira, Chingerezi cha m'mphuno. Uzichotsa zimenezo pambali, uone chotsala.

Bambo ako ndawaona akubwera kumsewu uko, akuyenda ngati galimoto aipeza. Ndifulumire.

Chimene ndikupempha kwa iwe n'chotchipa, koma n'chovuta kuposa khadi. Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi ndimve mawu ako. Ngati mayunitsi palibe, ungofulasha, ndiimba ine, tomato alipo. Ngati wadwala, unene kuti ndadwala. Ngati ntchito yatha, unene kuti yatha, manyazi sanachizepo munthu. Sabata yoyamba unditumizire nambala ya munthu amene ukukhala naye nyumba imodzi, ndi ya wina wa kutchalitchi kumene uzikapemphera, anthu a miyendo, oti ndikawaimbira akhoza kukagogoda pachitseko chako. Ndipo dziwiratu kuti Lamulungu likadutsa uli zii, Lolemba m'mawa ndiyamba kusokosa. Ndidzaimbira onsewo, ndi Chingerezi changa chothyokachi, mpaka udzachite manyazi. Ndidzakhala mayi wovuta. Ndinayesa kukhala mayi wodekha, ndinaona kumene zinathera.

Chotsiriza. Umembalawu ukadali moyo mpaka sabata yamawa, ndipo mawa kwa nthawi yoyamba munthu wa m'nyumba muno adzakhala ndi tikiti m'manja. Wanena kuti mukatsika pabwalo lina lalikulu kudikira ndege yachiwiri. Ukafufuze chipinda chija. Ngati chilipodi, ulowe, ukhale pampando wawofuwofu, umwe tiyi wa bambo ako, ndi bisiketi yake udye. Usatumize chithunzi. Uimbe, uwauze ndi pakamwa pako mmene amakomera, ngati ali ndi mkaka, ngati shuga amaika wekha. Adzanamizira kuti alibe nazo ntchito, koma madzulo ake a Gomani adzamva zonse.

Ikatha sabata imeneyo, foni yanga isadzalirenso yokha. Ikalira, ndidziwe kuti chala chako chagwira. Ikakhala chete, ndidziwe kuti ndi chete weniweni, ndinyamuke.

Pita bwino, mwana wanga, Mulungu akutsogolere. Batani lija ndikusoka tsopano.

Ndine mayi ako,
amene ukawafunsa mawa adzati ndi fumbi lalowa m'maso.